Mpata wa Pansi pa Chitseko

Mnyamatayo ankangoona miyendo yokha. Anakhala pa ndowa yovundikira mkati mwa galaja, ndipo pa mpata wa pansi pa chitseko pankaoneka nsapato zakuda za achemwali ake ndi majombo a mmisiri amene ankayeza chitsekocho ali panja.

"Ichi chatha ntchito, mayi," anatero mmisiri, akuchigogoda ndi tepi. "Za mtundu uwu anasiya kupanga. Pakufunika chatsopano, ndi njanji zake zomwe."

Anatchula mtengo. 

"Ngakhale bokosi la maliro a bambo silinafike pamtengo umenewo," anatero achemwali.

"Bokosi silitsegulidwa m'mawa uliwonse," mmisiri anayankha. Majombo aja anasuntha pang'ono. "Pepani, mayi. Pakamwa pangapa sipamva."

Majombo atachoka, achemwali anamenya chitseko ndi chikhatho, chitsulo chonse n'kulira.

"Pulofesa, ndikudziwa uli momwemo. Tuluka."

Dzinali anamupatsa atangosiya koleji m'chaka chachitatu. Sanadwale, sanabe kanthu, mutu unangokana basi. Ankakhala m'kalasi n'kumamva mawu a aphunzitsi ngati mvula ya padenga la eni. Tsiku limene anabwera ndi chikwama chake, bambo ake anayang'ana galaja yopanda kanthu, poti galimoto anali ataigulitsa kuti amulipirire fizi, ndipo anangonena mawu atatu: "Usadzapondenso pakhomo panga."

Bambowo anali munthu wosabweza mawu. Mnyamatayo anagona kwa anzake mpaka anzakewo anayamba kubisa makiyi. Tsiku lina mvula itamukwapula anabwerera, n'kupeza chitseko cha galaja chawonongeka: kukwera chinkakwera bwinobwino, koma potsika chinkaimira m'malere, osafika pansi. Anakwawa n'kulowa. Kuyambira pamenepo ndimo munali mwake. Amayi ankamukankhira mbale pa mpata womwewo. Bambo sanamulankhulenso. M'mawa uliwonse ankaima panja, n'kuchimenya theche chitsekocho, n'kumakalipa mokweza kuti amayi amve kukhitchini.

"Chitseko chimodzi mtengo wake ngati ukugula nyumba! Akuba okhaokha. Chikhale choncho."

Iye ankamva zonsezo ali pa matiresi, n'kumati mumtima: umphawi wanu ndiwo wandipatsa pogona, mdala.

Anakweza chitseko n'kutuluka. Achemwali anali atatopa, maso ali psuu. Mipando ya pamaliro anali ataibweza dzulo lake, ndipo pabwalo panatsala mabowo a miyendo yake.

"Pali munthu akufuna kuchita lendi galajayi, azisungiramo katundu wa m'sitolo mwake," anatero. "Koma akufuna chitseko chokiyika. Amayi alibe kolowera ndalama, ukudziwa."

"Ndiye chitsekocho mugula ndi chiyani?"

"Tigulitsa makina awo osokera."

"Mugulitsa manja a amayi kuti mugule chitsulo?"

"Nanga tigulitse digiri yakoyo?"

Mnyamatayo anaseka pang'ono. "Imeneyo ndi yabwino, achemwali. Mwaisunga nthawi yaitali?"

"Usandiyese. Ine ndathamanga ndi chipatala, ndathamanga ndi manda, iwe uli phee m'dzenje mwakomu ngati khoswe. Chipinda chako chilipo m'nyumbamu. Amene anakuthamangitsa wapita."

"Iwo apita. Mawu awo sanapite."

"Ndiye kagone pamanda, ukawapemphe akukhululukire."

Atanena zimenezo anagwira pakamwa. Kenako anatembenuka n'kulowa m'nyumba. Mnyamatayo anamva makina osokera akukokedwa pa simenti, ndi mawu a amayi akuti, "Pang'onopang'ono, mwananga, mwendo wake ndi wothyoka."

Bambo ake ali kuchipatala, mnyamatayo anapitako kamodzi. Anaima pakhomo la wodi, bambo ake anamuyang'ana, iye anadikira mawu. Bambowo anapempha madzi kwa namwino. Ndi zokhazo zimene anatsala nazo.

Anabwerera m'galaja ndi mkwiyo wosowa pougwetsera. Anatsegula bokosi la zida la bambo ake. Masipanala anali atandandalikidwa mwa ukulu wake, monga mwa masiku onse. Nthawi yonseyi chitseko ichi anali asanachiyang'anepo bwino. Ankaopa kuti akachikhudza chikhoza kuchira. Tsopano anagwada pakona, kuseri kwa matayala akale, n'kuyendetsa dzanja m'njanji imene chitseko chimatsikiramo.

Chala chinagunda chinthu.

Anakankha matayala aja. M'njanjimo munali bawuti yaikulu yopingasa, yomangidwa ndi manati awiri, yopakidwa girisi kuti isachite dzimbiri. Sinagweremo mwangozi. Munthu anaboola chitsulo ndi dirilo, n'kuikamo bawutiyo kuti chitseko chiziimira pamenepo. Mbali inayo anapezanso ina, pa msinkhu wofanana ndendende.

Anakhala pansi pa simenti. Patapita nthawi anatenga sipanala.

Manati anamasuka mosavuta. Anakoka chitseko, ndipo chinatsika mwakachetechete mpaka kukhudza pansi, m'galaja monse n'kuda bii. Anachikwezanso. Amayi anali ataima panja, atagwira kansalu kopukutira makina.

"Wazipeza," anatero.

"Munkadziwa?"

"Ndinkamva dirilo. Tsiku lija kunagwa mvula yambiri, iwe usanabwere. Ndinafunsa kuti mukutani, akuti ndikukonza chitseko." Anapukusa mutu. "Kukonza."

"Bwanji osangondiuza kuti ndilowe?"

"Anati usadzaponde pakhomo pawo. Ankati ili si khomo, ndi polowera galimoto." Amayi anapinda kansalu kaja kawiri. "Bambo ako kumeza mawu kunkawatsamwitsa. Ukuwadziwa."

"Ndinawadikira kuchipatala, amayi. Liwu limodzi lokha."

"Nanenso ndinawadikira zaka zonsezi, pa zambiri. Liwu analibe."

Achemwali anatulukira pakhonde. Anayang'ana chitseko, anayang'ana mabawuti m'dzanja la mlongo wawo.

"Chikutseka?"

"Chikutseka. Makina a amayi abwezereni pamalo pake. Wa lendiyo muuzeni abwere."

"Nanga iwe?"

 Mnyamatayo anayamba kupinda matiresi. Ataweramira pakona paja kuti atole sipanala, anaona bowo lina m'njanji, m'munsi mwa limene munali bawuti, lakale, lochita dzimbiri m'mbali. Anayang'ana mbali inayo: linaliponso.

Anakumbuka. Masiku oyambirira mpata unali waung'ono, ndipo tsiku lina pokwawa chitsulo chinamung'amba malaya ndi khungu lakumsana. Malayawo anawayanika pa waya kuseri, magazi osachoka bwino. Mawa lake anapeza chitseko chikuimira m'mwamba kuposa kale, ndipo bambo ake anali panja akuchimenya theche, akukalipa kuti chikungoipiraipira.

Amayi anali atabwerera m'nyumba, chitseko cha kutsogolo anachisiya chosatseka. Mnyamatayo anagwadabe pomwepo, matiresi ili pambali pake, chala chake chili pa bowo lam'munsi lija.