Chitseko cha Pamathiriro

Pamsewu wamatope wolowera ku Santhe ndinapeza bambo wina akukankha njinga, atamangirirapo chitseko. Kumbuyo kwake kunali mayi atasenza mtolo. Tinapumira limodzi pansi pa msuku, ndipo bamboyo, a Wilkins Tsoka, anandisimbira kumene ankachokera. Akazi awo, a Enelesi, ankangoponyamo mawu apa ndi apo.

Anali anthu a kumtunda, cha ku Chulu, kumene madzi amatungidwa pachitsime ndipo mtsinje amangoumva kwa apaulendo. Esiteti ina ya fodya itakula n'kufika m'minda mwawo, anauzidwa kuti asamuke. Zaka zimenezo munthu sankafunsa chifukwa. Anazula chitseko, natsika ndi mabanja ena ochepa mpaka pamene kamtsinje ka Kansenjere kamathira mu Bua.

Dziko la kumeneko n'lathyathyathya. Ukaima pachulu umaona zitsa za mitengo yomwe inathera m'mabani a fodya, kenako dambo, kenako bango. Pakati pa mitsinje iwiriyo pali kamtunda kosongoka ngati lilime la ng'ombe. Nyumba anamanga pamenepo, n'kupatcha Pamathiriro. M'chilimwe, kwina konse kutapsa ndi lupsa, m'munsi mwa kamtundako mokha ndimo munali mobiriwira, dothi lakuda bii, madzi ali pompo.

"Muchikhomere ndithu, bambo a Lusiya," anatero a Enelesi tsiku loika chitseko. "Ine kusenza ndatopa. Chikadzachokanso pano chidzayenda chokha."

Chimanga chomwe anabwera nacho chinali chochepa. Chiyembekezo chonse chinali pa fodya wa chikopa. Mbande zikanalephera, kunalibe kwina koma ku esiteti ina yapafupi, kukalembetsa utenanti. Kapitawo wa kumeneko ankadutsa ndi njinga masabata ambiri, kufunsa ngati pali amene waganiza bwino.

A Wilkins anaika nazale pamphepete penipeni pa Kansenjere, pafupi ndi mathiriro, kuti keni yothirira isamalemere njira yaitali. Anatentha mapesi pamabedi, nafesa, naphimba ndi udzu. Madzi osefukira sanawaiwale. Kwawo madzi amachokera kumtunda mvula ikagwa, choncho anakumba ngalande yakuya kumtunda kwa nazale, mpaka manja kuchita matuza. Mbali yoyang'ana ku Bua anaisiya pululu.

Tsiku lina akuthirira, a Enelesi analoza mkuyu womwe unali pambali.

"Udzu uwo unakwera bwanji m'nthambimo?"

"Zisa za mbalame izo."

"Mbalame yanji yomangira chisa ndi zitsononkho?"

"Za kuno n'zakhama, mayi a Lusiya, si za kwanu zija."

"Kwathu ndi kwanu komwe, mwaiwala?"

Anaseka onse awiri, natunganso madzi. Zinyalalazo zinali pamwamba kuposa mutu wa munthu.

Mbande zinakula bwino, masamba ngati makutu a mbuzi. Zinkangodikira mvula yowokera. Koma mvula inachedwa. Mitambo inkada kutali, cha ku Mchinji, kumene Bua amachokera, ndipo mphenzi zinkaoneka popanda kumveka. Pamathiriro dzuwa linkangoswa mtengo.

Masana ena a Wilkins ali pamizere, a Enelesi anatsikira kunazale ndi keni. Anaima m'mbali mwa kamtsinje, osatunga. Tsamba louma linkayandama likulowera kumtunda. Anaponya kamtengo, nako kanalowera komweko. Bua anali atadzaza ndi mvula ya kwina, wofiira, ndipo ankakankhira madzi ake m'kamwa mwa Kansenjere.

"Bambo a Lusiya, tabwerani. Mtsinje ukubwerera."

"Mwapsa ndi dzuwa inu. Khalani pamthunzi."

"Bwerani mudzauuze nokha kuti walakwitsa njira."

Pomwe a Wilkins ankafika ndi khasu paphewa, bedi loyamba linali litamira. Madzi sankathamanga, sankachita phokoso. Ankangokwera pang'onopang'ono, kulowera mbali yopanda ngalande ija. Ngalandeyo inali gwaa, youma. Awiriwo analowa mpaka m'mawondo, kuzula mbande n'kuponya m'beseni. Anansi nawo anali kulimbana ndi mabedi awo, aliyense ndi tsoka lake. Dzuwa lisanalowe madzi anali atafika m'nthambi za mkuyu, nasiyamo udzu watsopano.

Mbande za m'beseni anaziwokera pa nthaka youma, kuzithirira ndi keni. Zinafota zonse. Mvula inabwera patapita sabata, yambiri, yabwino, n'kugwera pamizere yopanda kanthu. Nthawi yofesanso inali itatha. Kapitawo atadutsa, a Wilkins sanadikire kufunsidwa.

"Mabanja enawo?" ndinafunsa.

"Ena anatsogola kale ku esiteti. Ena akuti ayesanso chaka chamawa, nazale adzaika pamwamba. Ali ndi chimanga chowafikitsa, ife ayi."

Ndinayang'ana chitseko chija. Chinali cha mlombwa, chokhala ndi mabowo a misomali yakale ndi yatsopano. Ndinawauza zomwe ndinaona m'maesiteti momwe ndinadutsa, kuti nyumba za matenanti n'zaudzu, khomo lake lalifupi, chitseko choterocho sichingalowe.

"Tikudziwa," anatero a Enelesi, akukonza nkhata. "Tikachiimika m'kati. Tiyeni, bambo a Lusiya, mitambo iyo."

A Wilkins anaimirira pang'onopang'ono, nagwira njinga. Matope anali atamata matayala, ndipo anayamba awakokota ndi kamtengo asanakankhe.