Khadi ya Chikole ya Mayi Kalekeni

Mayi Mable Kalekeni anatuluka mu ofesi ya nyumba za lendi ku Rockville nkhope itagwa. Aka kanali kachitatu kuwakana. Kalaliki wa mu ofesimo sanawanyoze ayi. Anangoti, "Mayi, tafufuza kumabungwe osunga mbiri ya ngongole, dzina lanu mulibe. Pezani munthu woti akusainireni."

Mulibe! Mayi woti wakhala ku America zaka khumi ndi chimodzi, akusamalira okalamba osajomba ngakhale tsiku limodzi. Vuto linali lakuti amuna awo, a Thomas, ndiwo ankasaina chilichonse: nyumba, foni, galimoto. Atamwalira mu 1986, mbiri yonse inapita nawo. Mayi Kalekeni ndi ana awo awiri aakazi anakakhala m'chipinda chapansi kwa alamu awo, a Fryson, ku Gaithersburg.

A Fryson si munthu woipa, tisawanamizire. Koma ankakumbutsa aliyense kuti mwini nyumba ndi iwo. Ana akaseka, "Phokoso!" Mlendo akabwera, "Ameneyu ndi ndani?" Nkhani yosamuka ikayamba, ankati, "Alamu, ndikusainirani ine. Koma nyumbayo ndisankha ndine, pafupi pompano, ndizikuonani."

Zinkawawawa Mayi Kalekeni. Munthu wa zaka makumi anayi, koma kumapempha chilolezo ngati mwana wasukulu. Ankafuna khomo lawolawo, lolembedwa dzina lawo.

Lamlungu atatuluka m'tchalitchi, anafotokozera mnzawo Agatha Mwamba, mayi wa ku Lusaka amene ankagwira ntchito kubanki.

"Ba Mable, manje mulira chani?" anatero Agatha. "Kuli khadi ya chikole. Mumapereka ndalama zanu kubanki, tinene madola 300. Iwo amazisunga ngati chikole, n'kukupatsani khadi yogulira zinthu mpaka madola 300 omwewo. Mukamalipira bwino, dzina lanu limayamba kudziwika."

"Ndiye banki iliyonse?"

"Ayi. Muyambe mwafunsa ngati amatumiza mbiri yanu kumabungwe aja. Akati satumiza, tulukani, mungotaya nthawi. Mufunsenso kuti amadula zingati pachaka."

Mayi Kalekeni anagwira ovataimu miyezi iwiri mpaka madola 300 anakwana. Anafunsa mafunso onse awiri, anasaina, khadi inabwera. Dzina lawo linali pamenepo, zilembo zotukuka. Analisisita ndi chala kangapo. Nyengo yozizira inali itayandikira, ndiye anagulira ana majekete a madola 120.

Apa ndi pomwe mayi wathu anapunthwa. Kalata ya kubanki itabwera, anangoiponya m'dirowa. "Ndalama zanga ali nazo kale, adulemo," anatero mumtima. Kwawo ku Zomba anazolowera kuti ukapereka ndalama kaye, katundu ndi wako, nkhani yatha.

Patapita masabata, anaimbira foni Agatha n'kumadzitama kuti kubanki kwatsala madola awo 180.

"Mayo! Ba Mable!" Agatha anakuwa. "Simunalipire?"

"Ndilipirenso chiyani? Nanga 300 ija?"

"Chikole si malipiro! Chija chimangokhala, sachikhudza. Za majeketezo mwakongola, muyenera kubweza. Tsegulani kalatayo. Tsiku lolipira ndi liti?"

"Pa 5."

"Lero ndi pa 19. Valani nsapato, thamangani. Mukachedwa mpaka mwezi, alemba kuti simulipira bwino, ndipo chilembo chimenecho chimakhala zaka."

Mayi Kalekeni anakwera basi nthawi yomweyo. Analipira madola 120 onse, kuphatikiza chindapusa cha madola khumi. Wa kubanki anawatsimikizira kuti nkhaniyo inali isanatumizidwe kumabungwe. Madola khumiwo anawawawa sabata yathunthu, koma anaphunzira.

Kuyambira pamenepo anadziikira lamulo. Khadi ankagulira zakudya zokha, kamodzi pamwezi, osapitirira madola 40. Kalata ikafika, tsiku lomwelo cheke chalembedwa, ndalama zonse, kuti pasakhale chiwongoladzanja. Sitolo zinkatsitsa mitengo ya madiresi, iwo n'kumangodutsa ngati sakuona.

A Fryson ankaseka. "Alamu, mwayamba makhadi? Zinthu zimenezi zamiza amuna enieni."

"Tiona, alamu," ankangoyankha choncho.

Patatha chaka ndi miyezi iwiri, banki inawalembera kalata. Inawabwezera madola 300 aja n'kuwapatsa khadi wamba, yopanda chikole. Mayi Kalekeni anabwerera ku ofesi ya ku Rockville ija. A Fryson anakakamira kuwaperekeza, ati mwina pafunika mwamuna.

Kalaliki analowa m'kati kukafufuza. Anakhalitsako. Kenaka anatuluka ndi mapepala.

"Zonse zili bwino, mayi. Zipinda ziwiri, pansanjika yachiwiri. Sainani apa."

A Fryson anasendeza mpando. "Nanga ine ndisaine pati?"

"Inu palibe posaina, bambo. Dzina la mayiwa likukwanira."

A Fryson anakanda mutu. Kenaka anati, "Alamu, mwandigonjetsa. Achimwene akanakhalapo, bwenzi akunyada." Anabwereka lole n'kuwasamutsira katundu okha, osadandaula.

Tsiku lolowa m'nyumbamo, mwana wamkulu, Theresa, anawerenga pepala la lendi n'kufunsa m'Chichewa chake chothyokathyoka, "Amayi, dzina lanu lokha?"

"Langa lokha, mwanawe. Tsopano sekani mmene mungafunire."

Anawo anaseka mpaka anansi anamva, ndipo palibe anawaletsa.

Masiku ano amayi a kutchalitchi akafunsa, Mayi Kalekeni sabisa kanthu, ngakhale za kalata ya m'dirowa ija. Amati, "Ngati mulibe mbiri ya ngongole, kapena inaonongeka, khadi ya chikole ingakuthandizeni. Funsani ngati banki imatumiza mbiri yanu. Gulani zochepa. Lipirani zonse tsiku lisanakwane, chifukwa chikole si malipiro. Ndipo inu amayi anzanga, musadikire maliro ngati ine. Yambani lero kumanga dzina lanulanu."