Kalata ya Wyson Yolandirira Kutchalitchi

Ku Nazombe makalata ankafikira m'bokosi la mpingo, ndipo mayina ankaitanidwa Lamulungu mapemphero akatha. Eveles anamva dzina la mwamuna wake Wyson, wophunzira zamagetsi ndi zipangizo zoyezera ku yunivesite, amene anatsala kunyumba akukonza wailesi za anthu. Anaitsegula kalatayo pomwepo, mwana wawo Gift ali kumsana. M'kalatamo aphunzitsi ankadziwitsa kalasi yonse kuti mayeso a m'labotale awasendeza pafupi, achitika Lolemba.

Atafika kunyumba anayamba n'kulongedza chikwama.

"Bambo a Gift, mayeso anu ndi mawa. Siyani wailesiyo."

"Mwatsegula kalata yanga?"

"Muzikakwiya muli m'minibasi. Njinga ndapopa kale."

Wyson anawerenga kalatayo kawiri, anatenga mita yake yoyezera magetsi, n'kuuyamba wa ku Migowi kukakwera minibasi.