Minofu Yathera Pabedi

Dokotala sanapsatire mawu. Anati khansa ili m'njira ya ndulu, n'chifukwa chake maso anga asanduka achikasu, ndipo opaleshoni ndi yotheka. Kenako analoza chithunzi cha m'mimba mwanga pakompyuta.

"Koma bambo, minofu yanu yachepa. Opaleshoni imeneyi ndi yaikulu, ndipo anthu a minofu yochepa amavutika kuchira. Pitani muzikadya mazira, nyemba, nsomba. Muziyenda, muzikwera masitepe, muzinyamula tinthu. Mukabweranso tidzakuyezani, tikapeza mphamvu tidzakulowetsani."

Ine, wowotcherera zitsulo, amene ndinkasenza geti ndekha n'kukaliimika, akuti ndilibe minofu! Ndinaseka, koma mawuwo ndinawasunga.

Vuto linali kunyumba. Mkazi wanga anali nane m'chipinda cha dokotala, anamva zonse, koma m'khutu mwake munatsala liwu limodzi lokha, khansa. Titangofika anandiyalira bedi n'kuimbira foni achemwali anga aakulu. Iwo anabwera ndi chikwama chachikulu cha zovala, ndipo ndinadziwiratu kuti sachoka msanga.

M'mawa mwake ndinatenga ndowa kuti ndikathirire maluwa pakhonde.

"Mayo ine! Bambo a ana, ikani pansi!" anakuwa mkazi wanga.

"Adokotala anati ndizinyamula."

"Adokotalawo sakukuonani mmene mukupumira."

Achemwali anatulukira kukhitchini. "Achimwene, anthu akakuonani ndi ndowa adzati chiyani? Adzati alamuwa akukugwiritsani ntchito muli wodwala. Mukufuna kutichititsa manyazi?"

Anthu, anthu, anthu! Kodi anthuwo ndi amene akagone patebulo la opaleshoni?

Ndinayesa masitepe a nyumba yathu ya lendi. Ndisanafike n'komwe pamwamba, mayi wa khomo loyandikana anali atakanena kale. Mkazi wanga ndi achemwali anabwera onse awiri, wina mkono uwu, wina mkono uwo, kundibweza ngati mwana wothawa jekeseni. Tsiku lotsatira nsapato zanga zinasowa. Mazira achemwali anawaletsa, ati amalemetsa chiwindi, ndipo m'malo mwake ndinkalandira msuzi wamadzimadzi woti pansi pa mbale n'kumaoneka. Ndikatambasula dzanja kuti nditenge kapu, kapuyo inali itafika kale pakamwa panga.

Ndinakalipa, ndinatukwana, tsiku lina ndinaponya pilo. Iwo ankangoyang'anana n'kunena chapansipansi kuti ndi matendawa akuyankhula. Ungakangane bwanji ndi munthu amene akukusisita mapazi uku akulira? Mpweya wanga wonse unkathera pa mkangano, kenako ndinkagona.

Tsiku lobwerera kuchipatala, nesi anandipatsa kachipangizo koyezera mphamvu ya dzanja. Ndinafinya mpaka mano kukukuta. Anandiuza ndidzuke pampando osagwira paliponse, ndipo ndinadzuka mochita kugwira khoma. Dokotala anaona chithunzi chatsopano, n'kuvula magalasi.

"Bambo, mwatsika kuposa poyamba. Ndikakulowetsani chonchi, ndikuopa kuti simungadzuke. Tidikirenso, koma dziwani kuti chotupacho sichikudikira."

Mkazi wanga anaimirira. "Zatheka bwanji, adokotala? Ndawasamala ine. Sanagwire ngakhale supuni!"

"Vuto ndi lomwelo, mayi," anatero dokotala motsitsa mawu.

Ndinali ndi mawu ambiri amene ndinkafuna kumuuza mkazi wanga, onse owawa. Koma nditaona nkhope yake, ndinawameza. Ndinali wokwiya, ndipo ndinali ndi mantha.

Tili m'khonde la chipatala, mkazi wanga anaima. Anavula paphewa chikwama chake, momwe munali botolo la madzi ndi bulangete langa, n'kundipatsa osandiyang'ana.

"Nyamulani, bambo a ana."

Ndinachinyamula. Tinadutsa chipinda cha mankhwala, tinadutsa mabenchi. Tisanafike pachipata, zala zinangomasuka zokha, chikwama chinagwa. Mkazi wanga anawerama kuti atole, kenako anadziletsa, n'kuika manja kumbuyo. Anaima pomwepo, misozi ili chuchuchu, kudikira kuti nditole ndekha.