Kadontho Kofiira pa Batani

Maikulowevu inasiya kugwira ntchito Loweruka m'mawa, abambo ali chiimire patsogolo pake ndi kapu ya tiyi wozizira m'manja. Getsi la m'kati linkayaka ndithu, koma mabatani onse anali atagontha. Anadina, anadinanso, kenako anatembenuka n'kundipeza nditaima pakhomo la khitchini, tulo tili m'maso.

"Paja unkaphunzira zamagetsi iwe," anatero.

Sananene mwaukali. Bola akanakalipa.

Koleji ndinaisiya chaka chachiwiri chili pakati, amayi atagonekedwa m'chipatala. Ndinkauza aliyense kuti ndibwerera akachira. Sanachire, ndipo ine sindinabwerere. Mabuku anga ali pansi pa bedi, akudyedwa ndi fumbi. Anzanga a m'kalasi amatumiza zithunzi atavala zipewa zolimba za kuntchito, ine ndimaziona ndili chigonere dzuwa litakwera kale. Mumsewu wathu dzina langa ndi Injiniya. Analiyambitsa ndi amayi, monyadira, tsiku limene ndinasankhidwa kupita kukoleji. Aneba analitola, ndipo masiku ano akamalitchula amamwetulira ndi mbali imodzi yokha ya pakamwa.

Maikulowevuyo anagula amayi kalekale. Inali yoyera, koma m'mbali inali itayamba chikasu. Abambo sankaikhudza. Ankati mabatani ake ndi ochuluka ngati a ndege, ndipo tizilembo take anatipangira maso a ana. Sabata imene amayi ankakonzekera kupita kuchipatala, anaphika zakudya n'kuzisunga m'filiji m'timabokosi, kenako anatenga utoto wofiira wa m'zikhadabo n'kudontheza kadontho pa batani limodzi. Anawagwira abambo chala ngati mwana wa kusukulu ya mkaka, n'kuwauza kuti pofiirapo adine kawiri ngati ndi tiyi, kanayi ngati ndi chakudya. Abambo anaseka, n'kufunsa ngati amenewo anali maphunziro a munthu wofuna kuthawidwa ndi mkazi. Amayi anayankha kuti atawathawadi, iwo angafe ndi njala atatsamira filiji yodzaza.

Zonsezi ndinkazidziwa. Ndinalipo, ndinaseka nawo. Koma Lowerukalo m'mutu mwanga munali chinthu chimodzi chokha: kuti m'nyumba muno mwapezeka ntchito imene ine ndingaithe.

Abambo atatuluka kupita kokameta, ndinazula pulagi, n'kunyamula maikulowevu kuiika patebulo. Ndinamasula masikuluwu n'kuwaika m'kasosala kuti asasowe, ndipo chivundikiro chinachoka ndi kafungo ka mafuta akalekale. M'kati mwa chipangizo chotere muli kachitini kotchedwa kapasita, kamene kamasunga magetsi okwanira kupha munthu ngakhale pulagi itazulidwa. Mphunzitsi wathu ankanena kuti amene waiwala kapasita saiwalanso china chilichonse. Ndinatenga sikuludilaiva ya chogwirira cha labala, dzanja lina ndinalibisa kumbuyo, ndipo ndinachotsa magetsi otsalawo mosamala ngati munthu wopha njoka m'nyumba.

Fyuzi inali bwinobwino. Timasiwichi ta pachitseko tinkalira monga mwa masiku onse. Nditatembenuza mbali ya mabatani ndinapeza vuto. Pulasitiki ya pa batani lofiira lija inali itakumbika ndi chala, n'kung'aluka pang'ono, ndipo nthunzi inkalowera pamenepo mpaka tinjira ta magetsi ta kuseri kwake tinachita dzimbiri lobiriwira. Ndinapeza ndekha, popanda buku, popanda wondiuza. Chichitikireni maliro, aka kanali koyamba kumva kanthu konga chimwemwe m'chifuwa mwanga.

Kuseri kwa msika kuli kanjira ka amisiri. Kumeneko kuli bambo wina wokonza mawailesi, kashopu kake kopanikiza moti iye amakhala panja, katundu ndiye m'kati. Atandiona anafuulira mnzake wosoka nsapato kuti abise mawaya, Injiniya wafika. Ndinaseka nawo, chifukwa tsiku limenelo dzinalo silinkandiwawa. Pamulu wa zipangizo zakufa panali maikulowevu yofanana ndi yathu, yopsa m'kati koma mabatani ake ali ngati atsopano. Mkuluyo anandiuza kuti ndimasule ndekha mbali ya mabataniyo ndizipita, bola ndimusiyire yakale imene ndinabwera nayo, mwina kabolodi kake ka magetsi kadzamuthandiza tsiku lina. Ndinaiponya m'katoni imene anandilozera. Sindinaiyang'anenso kachiwiri.

Kunyumba zonse zinalowana bwino. Ndinamanga chivundikiro, ndinaika kapu ya madzi m'kati, ndinadina. Mbale inayamba kuzungulira, ndipo madzi anatuluka akufuka nthunzi. Ndinapukuta maikulowevu yonse ndi sopo mpaka inawala. Ndinaimbira foni achemwali anga, amene anakwatiwa n'kumakhala mbali ina ya tauni, kuwauza ngati nkhani wamba. Anati ndiye kuti Injiniya wadzuka kwa akufa. Kenako ndinakhala pampando umene munthu wolowa m'khitchini sangalephere kukuona, foni m'manja, ngati sindikudikira aliyense.

Abambo anabwera masana, mutu uli wonyezimira. Ndinawauza kuti ayese. Anatenga kapu yawo ya m'mawa ija, anaiika m'kati, anatseka chitseko, n'kukweza chala. Chalacho chinaima m'malere. Anawerama, anavula magalasi, anawapukuta ndi malaya, anavalanso. Ndinawauza kuti ndi batani la pansi kumanja, lomwe lija. Anadina lina la pambali pake, maikulowevu inalira katatu n'kuyamba kufunsa nthawi.

"Chili kuti?" anafunsa.

"Chiyani, abambo?"

"Chala cha amayi ako."

Ndinayamba kufotokoza. Ndinanena za nthunzi, za dzimbiri, za tinjira ta magetsi toonda ngati tsitsi, ndinanena kuti mbali imeneyo sikonzeka, imangofunika kusintha yonse. Ndinkalankhula mofulumira ngati munthu woyankha mayeso nthawi itatha, ndipo mawu anga ndinkawamva akugwera pansi limodzilimodzi. Abambo anamvetsera mpaka pamapeto. Kenako anagwedeza mutu, anati ndachita bwino, anatulutsa kapu yawo, n'kumwa tiyi wozizirayo ali chiimire. Madzulo anadya mpunga wochokera m'filiji osautenthetsa. Nditafuna kuwatenthetsera anati mano awo sakufuna zotentha masiku ano.

Lamlungu m'mawa ndinadula kachidutswa ka tepi yofiira n'kumata pa batanilo. Ndinkati vuto ndi maso awo. Pobwera kosamba ndinakapeza katamatulidwa, katapindidwa bwinobwino n'kuikidwa pambali pa kasosala ka masikuluwu. Ndinadziwa kuti ndi abambo.

Achemwali anabwera masana ndi timabokosi ta chakudya cha sabata, monga amachitira chimwalirireni amayi. Analowa m'khitchini akundinena kuti akufuna aone zodabwitsa za Injiniya. Ataona mabatani oyera aja anasiya kuseka. Anatseka chitseko cha khitchini, n'kundifunsa motsitsa mawu kumene ndinaika akale aja. Nditawauza, anakhala pansi pampando.

Anandiuza kuti m'mawa uliwonse abambo asanadine amayamba asisita pamalopo ndi chala chachikulu, pokumbikapo, ndipo nthawi zina amalankhula. Achemwaliwo anawaona kangapo masiku amene anagona kuno. Anati zovala za amayi zinagawidwa, mafuta awo odzola anatha, bedi analisuntha, koma pamenepo pokha ndi pamene panatsala malo amene chala cha amayi chinakumba chokha.

"Kodi iwe umakhala m'nyumba muno, kapena umangogonamo?"

Miyezi yonseyi ndinkaganiza kuti wolira m'nyumba muno ndine. Abambo ndinkawaona ngati munthu amene wapirira msanga, amene amameta, kusita malaya, n'kumapita kokacheza ndi anzawo opuma pantchito. Nthawi imene iwo ankaima m'khitchini ndi kapu m'manja, ine ndinkakhala nditafunda kumutu, ndikudzimvera chisoni.

Lolemba ndinalawirira kukanjira ka amisiri. Wokonza mawailesi uja anakanda m'mutu. Anati kabolodi anachotsa, koma chipulasitikicho analibe nacho ntchito, ndipo katoni yonse anakaikhuthula m'chibini chachikulu cha kuseri kwa msika. Anandifunsa ngati ndinaiwalamo golide. Ataona nkhope yanga anasiya nthabwala, anandibwereka magolovesi ong'ambika zala, n'kundiuza kuti ndifulumire galimoto ya zinyalala isanabwere.

Chibinicho ndi chachitsulo, chotalika kufika m'chifuwa mwanga. Ndinakwera n'kulowamo. Munali masamba owola, makoko a mazira, tsitsi la kometa, matewera a ana, ndi madzi akuda amene analowa m'nsapato zanga nthawi yomweyo. Ntchentche zinandilandira ngati m'bale wawo. Ndinkafukula ndi manja, mutu uli pansi, ndikupemphera kuti pasadutse wondidziwa. Koma msika ndi msika. Mayi wa nyumba yoyang'anana ndi yathu, amene ankaimba kwaya limodzi ndi amayi, anaima ndi dengu lake n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Injiniya, ntchito mwaipeza kodi?"

Ndikanakonda akananena monyoza. Ananena mwachifundo, ndipo ndinadziwa kuti pofika madzulo msewu wonse ukhala utamva kuti mwana wa malemu uja wayamba kutola m'mabini. Ndinangoti ndataya kanthu. Anapukusa mutu, anati amayi anga akanaona zimenezi akanalira, n'kumapita.

Ndinachipeza chapansi, chitamatirira ku chikatoni chonyowa. Chinali chitapindika pakati, ngodya imodzi itathyoka. Ndinachipukuta pa buluku langa. Kadontho kaja kanalipo, katakalika m'mbali, ndipo pansi pake panali pokumbika paja. Ndinaikapo chala changa chachikulu. Sichinakwanepo. Chala cha amayi chinali chaching'ono, ndipo ine ndinali nditaiwala zimenezo. Ndinakhala m'bini muja kanthawi ndisanatuluke.

Kunyumba ndinachitsuka ndi madzi ofunda, mosamala kuti utotowo usachoke. Kubwezera chonse sikukanatheka, chifukwa ndiye kuti maikulowevu ifanso. Ndinatenga lezala n'kudula kachigamba ka batani limodzi lokhalo, kenako ndinakamata ndi guluu pamwamba pa batani latsopano. Guluu anagwira ndisanawongole. Kachigamba kachikasu pakati pa mabatani oyera, kopendekeka, m'mbali muli guluu wotuluka. Mphunzitsi wanga akanaona ntchito imeneyo akanandibweza pakhomo. Ndinayesa kudina. Pankafunika mphamvu pang'ono, koma inkayaka.

Abambo atabwera sanalowe m'khitchini. Anangonunkhiza m'mwamba, anayang'ana nsapato zanga zimene ndinaanika pakhonde, n'kudutsa. Mwina mayi wa kwaya uja anali atakumana nawo kale.

M'mawa mwake ndinadzuka iwo asanadzuke, chinthu chimene ndinali ndisanachite kwa miyezi. Ndinaima m'kanjira ka pakati pa zipinda, pamene ndinkatha kuona msana wawo. Tiyi wawo amamupanga m'fulasiki madzulo, monga ankachitira amayi, ndipo pofika m'mawa amakhala atazizira chifukwa fulasikiyo inatha kale mphamvu. Anathira m'kapu, ananyamula kuti amwe choncho, kenako anaima. Anayandikira. Anawerama kwa nthawi yaitali moti ndinayamba kuopa kuti amatula ngati tepi ija.

Anaika kapu m'kati. Chala chachikulu chinapita pa kachigamba kaja n'kusisita pang'onopang'ono, uku ndi uku. Milomo yawo inkagwedera, koma sindinamve mawu, ndipo sindinafune kumva. Anadina kawiri. Mbale inayamba kuzungulira.

"Wamata mopendekeka," anatero osatembenuka.

Ndinati nditha kumatula n'kuwongola.

"Usakhudzenso. Bwera nayo kapu yako."

Ndinabwera nayo. Anathiramo tiyi wotsala m'fulasiki, anatulutsa yawo, n'kuikamo yanga. Ndinatambasula dzanja kuti ndidine, koma anandikankha ndi chigongono. Anadina okha, kanayi, ngati chakudya. Ndinaona, ndipo ndinadziwa kuti tiyiyo awira, koma sindinawakonze. Tinaima awiri m'khitchini yopanikizayo, mapewa akugundana, tikuyang'ana kapu ikuzungulira kuseri kwa galasi.

Tiyiyo anandiwotcha lilime. Abambo anafunsa ngati watentha bwino, ndipo ine ndinavomera ndi mutu, n'kumwanso.