Chikwangwani Chachibwibwi

Aphunzitsi anaima pamsewu kukamwa kuli yasa. Chikwangwani cha sukulu yawo yatsopano yophunzitsa Chingerezi chinali chitakhomedwa kale pamwamba pa chitseko, utoto ukadali wauwisi. Mawu anali omwewo amene iwo anatchula pafoni dzulo lake, kungoti pambuyo pa liwu lililonse panali kampatuliro, kakuda bii, kopindika ngati kamchira ka khoswe. Kumapeto kunali tiwiri totsatizana.

Mtima unawapweteka kwabasi. Kulembetsa ana kumayamba m'mawa womwewo, ndipo ndani angapereke mwana wake kwa mphunzitsi wa Chingerezi amene chikwangwani chake chikuchita chibwibwi?

Wolemba chikwangwaniyo anali mlamu wawo, munthu wa dzanja labwino koma wosadziwa kufunsa. Anatsika pamakwerero akupukuta manja, ali mwee, kudikira kuyamikiridwa.

"Alamu, timipatuliro tonseti mwatitola kuti?" anafunsa aphunzitsi.

"Timakomati? Si munanena nokha?"

"Ine? Liti?"

"Pafoni paja. Mukatchula liwu la Chingerezi mumati 'koma'. Mukatchula lina, 'koma'. Ine n'kumangoika. Kumapetoku munachita kubwereza, ndiye ndaikapo tiwiri."

Aphunzitsi anagwira mutu. Zinalidi choncho. Pafoni paja ankaganiza mokweza, akukayikira liwu lililonse: "Koma... ayi, lembani. Koma..."

"Ameneyo anali 'koma' wathu wa Chichewa, alamu, osati 'koma' wa Chingerezi wotanthauza mpatuliro! Mpatuliro samwaza ngati mchere. Apa sipafunika ngakhale kamodzi!"

"Nanga ine ndikanadziwa bwanji? Chingerezi n'chanu. Ndimayesa ndi mmene mumalembera anthu ophunziranu."

"Fufutani msanga."

"Utotowu ndi wamafuta. Uyambe wauma, kenako ndipake chonse. Mwina mkuja."

Aphunzitsi asanayankhe, panafika mayi wina atagwira mwana wake wamkazi padzanja. Anakweza maso n'kuyamba kuwerenga mokweza, akuima pa kampatuliro kalikonse ngati galimoto yokana kulira. Mwanayo anabisa nkhope, phwete.

"Aphunzitsi ake ndi ati?" anafunsa mayiyo.

Aphunzitsi anayang'ana kumbali, akulakalaka nthaka itawameza. Mlamu uja ndiye anawaloza monyadira.

"Ndi awa, mayi. Zonse mukuonazo zachoka pakamwa pawo, ine ndangolemba."

Mayiyo anapereka moni waulemu, nati abweranso tsiku lina. Anakoka mwana wake n'kuwoloka msewu osacheuka.