Thobwa la Ann ndi Mfuti ya aRapson

Tayankhani kaye ndagi iyi musanakhale pansi. Mwana wanga sadya phala, amadya ufa wakuda, koma akangotsokomola kamodzi agalu a mudzi wonse amauwa. Ndani ameneyo? Mwagonja? Ndi mfuti. Sungani yankholo, mulifuna kutsogoloku.

Ine ndine Zelipa wa ku Ntcheu, sukulu ndinalekezera pomwe anzanga amayamba kulemba ndi inki. Ku Birmingham ndinabwera mu 2006 kudzalera Tiffany, khanda la Roselyn, mwana wa achimwene anga, yemwe ndi nesi. Mwamuna wake ndi aRapson, akamwini athu, munthu wapakamwa ngati wailesi yosatha mabatire.

ARapson anagula mfuti yakalekale, ya asilikali a nkhondo yachiwiri ija, yolemera ngati munsi. Apolisi anabwera kunyumba kwathu ku Handsworth, anagwedeza kabati yachitsulo yosungiramo, kenako anawapatsa laisensi. Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse anali ulendo wa ku kalabu ya owombera, kunja kwa tauni.

"Apongozi, agogo anga anali msilikali wa Keyala, gulu lankhondo la atsamunda lija," amatero akabwerako. "Magazi amenewo ali mwa ine. Mfuti ikalira, azungu amaphethira. Ine ngakhale chikope, zii!"

Zipolopolo za mfuti yokalamba chonchi n'zosowa, mtengo wakenso ngooluma. Ndiye aRapson amatola zigoba zamkuwa zowomberedwa kale, n'kumazidzazanso onga mushedi ya kuseri. Asanadzaze amazitsuka m'kamphika kamagetsi konjenjemera, momwe amathiramo zitsononkho zogaya. Zogula kusitolotu! Ndinaseka mpaka chifuwa. Zitsononkho zomwe kwathu timasonkhera moto, ndi ntchito ina ija sindingaitchule pano, kuno zili ndi pepala la mtengo.

Tsono Ann, mng'ono wake wa Roselyn, wophunzira ku Selly Oak, anapeza mwamuna, Wongani wa ku Rumphi. Tikukonza za chinkhoswe, azakhali ake a Wongani anandiyang'ana kuyambira kumpango mpaka kuphazi.

"Thobwa kuno ku Ulaya? Amama, tingogula zamabotolo, musadzivute."

"Mudzamwa thobwa la ku Ntcheu, mudzanyambita ndi kapu yomwe," ndinatero, anthu onse akumva.

Ndinalankhula motero podziwa kuti Liness wa kutchalitchi wandibweretsera chimera kuchokera kumudzi, atachikulunga m'zitenje pansi pa sutikesi. Chimera kuno simungachipeze ngakhale muyende Soho Road yonse chokwawa. Ndinachithira m'chidebe cha majarini n'kuchibisa pashelefu mushedi muja, kuopa ana.

Sabata ya chinkhoswe itakwana ndinapita kukachitenga. Ndinapeza kamphika kaja kakunjenjemera, aRapson ali chilili pambali, kakamwa kali mwee. Chidebe changa chinali pansi, chotsegula, chimera chitafika theka.

"Akamwini, m'kamphikamo muli chiyani?"

"Zitsononkho zinandithera, apongozi. Ndapeza madeya awa. Taonani mmene awalitsira zigoba, ngati ndolo!"

Ndinasuzumira. Chimera changa chinali chitada bii, chikununkha chitsulo.

"Madeya? Munabadwira ku Malawi komwe kuja kapena munagwa ndi ndege? Limenelo ndi thobwa la Ann!"

"Aaa, pepani. Koma musadandaule, ndikagula ma dirinki. Anthu sadzabwerera thobwa, adzabwerera zolankhula zanga."

Ndinatola chidebe changa. Kwathu mpongozi sakangana ndi mkamwini, amangomukumbukira.

Ndinaphika phala langa, ndinathira chimera chotsalacho, koma chinali chochepa, ndipo kuzizira kwa Novembala sikudziwa chibale. Thobwa linangokhala duu ngati mlendo wokwiya. Ndinalithira m'mabotolo apulasitiki, ndinamanga zitsekerero zolimba, n'kuwandandalika pafupi ndi hita, nditawafunditsa bulangete la aRapson lomwe. Ndinawasiya nthawi yotalikirapo kuposa mmene ndimachitira kwathu. M'mawa wa chinkhoswe ndinalawa botolo limodzi. Eee, lokoma, lothethetsa lilime! Koma botolo lina, lomwe linagundana ndi hita, linali litatupa ngati mimba ya mbuzi yodya chinangwa. Kuligogoda limalira ngati ng'oma.

Chinkhoswe chinachitikira muholo ya tchalitchi. Akuchimuna anapereka tambala, ife tinapereka thadzi, nthungululu zinalira. Kenako aRapson, monga woyendetsa mwambo, anagwira maiki. Za Ann anazitchula pang'ono chabe. Anatulutsa makiyi a galimoto, pomwe anakolekapo chigoba chimodzi chonyezimira.

"Wongani, mphwanga, ukuchiona ichi? Ndimadzaza ndekha ndi manja awa. Ukadzamuliza Ann, udziwe kuti mlamu wake ndi mdzukulu wa Keyala. Ine kulira kwa mfuti ndi nyimbo yogonera!"

Botolo lotupa lija linali pansi pa tebulo lalikulu, pafupi ndi paipi yotentha, kumbuyo kwenikweni kwa mapazi awo. Amene analiika pamenepo sindikumudziwa. M'holo munali anthu ambiri.

Phuuu!

Chitsekerero chinakamenya kunsi kwa tebulo, mbale zinadumpha. Anthu anangodzidzimuka n'kuyamba kuyang'anana. Koma woyendetsa mwambo sanaonekenso. Tinangomva mawu m'masipika, poti maiki anagwa nayo limodzi:

"Mayo ine! Roselyn! Andiwombera! Magazi, magazi!"

Wongani anakweza nsalu ya tebulo lina. Mdzukulu wa Keyala anali chafufumimba, manja kumutu, thalauza yonse kumbuyo itanyowa phala loyera.

Roselyn anawerama, anapaka chala n'kulawa.

"Bambo a Tiffany, ine ndine nesi, magazi ndimawadziwa. Awa ali ndi shuga."

Holo yonse inagwa nacho chiseko. Roselyn misozi ili mbwee, anatola maiki ija.

"Abale, ndinene lero. Mfutiyo anawombera kamodzi kokha, tsiku loyamba. Inawatchaya paphewa, ndinawathowa sabata yathunthu. Kukalabuko amangotolera anzawo zigoba, makutu atatseka ndi thonje. Zipolopolo zomwe amadzaza zangoti mbwee m'kabati, zikudikira nkhondo yachitatu!"

Azakhali a Wongani anabwera kwa ine akupukuta m'maso, kapu ili m'manja, yopanda kanthu.

"Amama, ndagonja. Lilipo lina?"

"Lilipo. Koma mutsegule pang'onopang'ono, tili ndi asilikali muno."

ARapson anatuluka chokwawa, akudontha. Ndinawagwadira mwaulemu wonse, monga achitira mpongozi, n'kuwapatsira kapu yodzaza ndi manja awiri.

"Imwani, akamwini, mtima ukhale pansi. Ongawu ndinadzaza ndekha."